Mchere wa mu Jambalaya

Ndinawauza moto asanayatse. Ndinaima pakhomo la khitchini nditagwira Chiso padzanja, maso anga ali pa kajumbo kamene alamu anga a Raphael anali atangomasula.

"Izo mwana wanga sadya," ndinatero. "Akadya amatupa."

M'kajumbomo munali tinthu touma tofiirira, topindika ngati chala cha khanda, ta ndevu zazitali. Amalonda a tsidya la Mozambique amabwera nato pamsika wa Lizulu, amati kamarawo, tochokera m'nyanja ya mchere.

A Raphael anaseka. "Alamu, mantha anu aja mwabwera nawonso kuno? Mngoni weniweni angaope kachirombo kouma?"

"Musiyeni," anatero Edna, mchemwali wawo, akusenda anyezi. "Mwana ameneyu samwa madzi a pachitsime, saponda matope, sasewera ndi galu. Tsiku lina atiuza kuti mphepo ya pa Lizulu imamutupitsa."

Onse anaseka, ndipo nanenso ndinamwetulira pang'ono, poti mtengwa sakwinya nkhope pakhomo pa eni ake. Koma ndinafotokozabe. Chaka chatha, ndili kwa mayi anga ku Sharpevale, Chiso ananyambita msuzi wa ndiwo zomwe munali tizirombo timeneti. Milomo inatupa, thupi lonse linatuluka zidzolo. Kuchipatala anandiuza kuti pali anthu ena amene magazi awo amadana ndi zinthu za m'nyanja ya mchere, ndipo ulendo wachiwiri umakhala woopsa kuposa woyamba. Ndinanena zonsezi pang'onopang'ono, monga anandiuzira. Apongozi anga, mayi Sellina, anali pamkeka panja akupeta mpunga. Anangoti, "Tamva, make Chiso," osatukula mutu.

Ine ndine Tisunge. Ndinakwatiwa kuno kumtunda, mudzi wa kuseri kwa Lizulu, kumene anthu amalima mbatatesi ndi chimanga ndipo m'mawa mumagwa nkhungu yobisa khola. Amuna anga a Silvester ali ku Joni, chaka chachiwiri tsopano. Timaonana pafoni basi. Mng'ono wawo, a Raphael, anali atangobwera kumene kuchokera ku Cape Town, kumene ankagwira ntchito m'khitchini ya lesitilanti ya munthu wina wochokera ku Louisiana, ku America. Anabwera ndi mipeni yawoyawo yokulunga m'nsalu, ndi maganizo amodzi okha. Anapeza kachipinda m'mbali mwa msewu pa Lizulu, anakapaka laimu, n'kukhoma chikwangwani cha zilembo zofiira: JAMBALAYA. Asanatsegule, anafuna kuti abale ndi akuluakulu a mpingo alawe kaye kunyumba.

"Kodi dzina limeneli ndi la munthu kapena la mudzi?" anafunsa apongozi anga tsiku limenelo, atalowetsa lichero la mpunga.

"La chakudya, amayi. Kumene linachokera, ngakhale eni ake amakangana. Bwana wanga ankati ndi mawu akale a ku France otanthauza zinthu zosakaniza. Ena amati theka lake ndi nyama ya nkhumba m'Chifalansa, theka linalo ndi mpunga m'chinenero china cha kuno ku Africa, cha akapolo omwe ankalima mpunga kumeneko. Wofiira, wothira matimati, ndi wa anthu a mumzinda, Akiriyolo. Woderako, wopanda matimati, ndi wa akumidzi ya m'madambo, Akejani. Ine ndiphika wofiira."

"Ndiye ndiwo ndi mpunga mumphika umodzi?" anatero Edna. "Achimwene, zaka zonsezi munkaphunzira kuphikira nkhumba?"

"Udya mpaka kunyambita mbale, iwe. Ndipo dzinali ndiye bizinesi. Tchipisi aliyense akukazinga pa Lizulu. Koma munthu ali m'minibasi akawerenga chikwangwani chija, afunsa kuti n'chiyani. Akafunsa, atsika."

Kuphika amadziwa, zimenezo sindingawamane. Anakazinga masoseji mpaka mafuta anafiira, kenako nkhuku, kenako anyezi, girinipepa ndi adyo. Matimati, tsabola wa kambuzi. Fungo linafika kumsewu, azibambo anayamba kudzasuzumira kuti aone mwamuna mnzawo atavala epuloni. Mpunga unali wa faya, umene mayi anga anatumiza kuchokera kuchigwa. Ine ndinkatsata kajumbo kaja. Ndinkaganiza kuti aponyamo tathunthu, toti munthu n'kusankha. Koma anatithira mu kamtondo, n'kutisinja mpaka tinasanduka ufa, ufawo n'kuutakasira mu msuzi.

"Alamu," anandiitana, manja onse ali tsabola yekhayekha, "tathiraniko mchere apo. Supuni ziwiri zodzaza."

Ndinathira. Apongozi anga anali pakhomo, Edna pambali panga. Onse awiri anaona.

Chiso ndinamuphikira wakewake, mpunga woyera ndi nyemba, m'kapoto kena kamene ndinatsuka kawiri. Ndinauza apongozi anga pamene ndinakaika. Ndinauzanso Edna. Kenako alendo anafika, ndipo mtengwa ndiye amasambitsa alendo m'manja. Ndinayenda chogwada ndi beseni ndi jagi, kuyambira kwa akuluakulu a mpingo pakhonde mpaka kwa azimayi pansi pa mtengo wa mapichesi, khosi langa likungotembenuka kufunafuna malaya achikasu a mwana wanga. Ndinamuona pafupi ndi nkhokwe. Ndinamuonanso akuthamangitsa nkhuku. Madzi anatha, ndinapita kuseri kukatunga ena.

Pobwera, ndinamupeza ali pamwendo pa agogo ake, kukamwa kuli psuu.

"Asamaonerere anzake akudya ngati wamasiye," anatero apongozi anga. "Ndasankha bwinobwino, tizirombo tanu mulibe. Taonani mmene akukondera, tsabola yense uyu."

"Anasinja, amayi. Tili mu msuzi monsemo."

"Ndiye tatha mphamvu."

Ndinamunyamula, ndinamupukuta kukamwa ndi chitenje, ndinamumwetsa madzi. Anthu anapitiriza kudya. Mkulu wina wa mpingo ankatuluka thukuta akuyamikira, akuyesa kutchula dzina lija, anzake akumukonza. Chiso anayamba kukanda khosi. Kenako makutu. Mlomo wam'mwamba unakula ndikuona ndi maso angawa, zikope zinafufuma mpaka maso anatsala timizere. Anafuna kulira koma kunatuluka kamluzu kopyapyala, ngati mpweya wothawa m'tayala.

Sindikumbukira kuti ndinakuwa chiyani. Ndikukumbukira mbale zikugwa, ndi a Raphael akuthamangira kumsewu epuloni ili m'khosi kukaimitsa njinga yamoto ya kabaza. Ndinakwera mwana ali pachifuwa, khutu langa lili pakamwa pake njira yonse, kumvetsera ngati kamluzu kaja kakadalipo. Titafika kuchipatala milomo yake inali itayamba kuda. Anamubaya jakisoni pantchafu osandifunsa n'komwe dzina. Ndinaima chogwira chitsulo cha bedi mpaka chifuwa chake chinayamba kukwera ndi kutsika ngati cha munthu.

Tinagona konko. M'mawa adokotala anandifunsa chimene anadya, ndipo nditawauza anavula magalasi.

"Mayi, munauzidwapo kale zimenezi?"

"Eya."

"Ndiye mverani. Dzulo mwafika mwamwayi. Akadzadyanso, ngakhale pang'ono pokha, ngakhale supuni imene yangokhudza msuziwo, mwina simudzafika naye kuno akupuma."

Tinabwerera kumudzi masana. Ndinkayembekeza kuti apongozi anga atithamangira. Anamulandiradi mwanayo, anamugwiragwira masaya omwe anali akadali otupa pang'ono, misozi ili m'maso. Koma ine sanandiyang'ane. Azimayi omwe anali pamjigo anasiya kulankhula pamene ndinkadutsa. Edna anali atachotsa chitini cha mchere m'khitchini n'kukachiika m'nyumba ya amayi ake.

Chitini chimenecho ndi chimene chinandiuza zonse. Kuno amati mayi akayenda ndi mwamuna wina n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo, mwana wake amatupa. Amati tsempho. Kwathu kuchigwa amanenanso zomwezo. Tonse timapemphera, apongozi anga amavala yunifolomu ya amayi a mpingo Lachinayi lililonse, koma mwana akatupa nkhope palibe amene amayamba watsegula Baibulo. Amayamba afunsa kuti anathira mchere ndani.

Anandiitanira pakhonde dzuwa litapendeka. Apongozi anga pampando, Edna pamkeka, a Raphael ataima potsamira chipilala akuyang'ana kumunda. Foni inali pathebulo, a Silvester ali pa laini.

"Make Chiso," anayamba apongozi anga, "ana onse a pamudzi pano anadya. Wa Edna anadya mbale ziwiri. Watupa ndi mmodzi."

"Ndinanena, amayi. Moto asanayatse ndinanena."

"Eya, munanena," anatero Edna. "Ndiye tikudabwa. Munadziwa bwanji kuti atupa? Munthu amakonzeratu ponamizira."

"Adokotala anena okha kuti ndi kamarawo."

"Adokotala amadziwa za tsempho? Ali ndi makina oyezera kumene mkazi wayenda? Lachitatu lililonse muli pa Lizulu ndi mbatatesi, madalaivala a mathiraki akukuitanani ndi dzina."

"Amagula mbatatesi, alamu. Mbatatesi za munda wa amayi anu."

"Ndipo ulendo woyamba anatupira kuti? Kwanu, kumene kunalibe wokuonani."

Apongozi anga anakweza dzanja kuti Edna akhale chete. Ndi dzanja lomwelo limene linamudyetsa mwana wanga dzulo lake, ndipo ndinaona pankhope pawo kuti usiku wonse sanagone nalo bwino. Ngati ndi kamarawo, ndiye kuti anatsala pang'ono kupha mdzukulu wawo ndi dzanja lawo. Ngati ndi tsempho, dzanja lawo n'loyera.

"Sitikufuna kunamizira munthu," anatero. "Mawa Raphael aphikenso, zonse chimodzimodzi. Koma mchere ndithira ine. Mwana adye tonse tikuona. Akatupa, ndiye kuti ndi chakudya, tikupepesani pamaso pa anthu. Akapanda kutupa, mukaitane ankhoswe anu."

"Akatupa afa, amayi."

"Dzulo anafa?"

Ndinatembenukira kufoni. "Bambo ake a Chiso, mukumva zimenezi? Akufuna amudyetsenso."

Kunamveka phokoso la magalimoto a ku Joni, kenako mawu awo, otopa. "Ndamva. Ine ndili kutali, Tisu, sindikuona kanthu. Anthu akundiimbira kuyambira dzulo. Pang'ono pokha, njinga ikhale pafupi. Ngati palibe chimene wachita, ukuopa chiyani?"

"Ndikuopa kuika mwana wanu m'manda."

"Chita zimene amayi anena, nkhaniyi ithe."

"Nanga akapanda kutupa, ine n'kupita kwathu, mwanayo?"

Anayankha ndi apongozi anga, mofatsa ndithu. "Mwana ndi wa pano, make Chiso. Ng'ombe za lobola zinatsika phiri, mukudziwa."

A Raphael ndinawapeza kuseri kwa khola, akutsuka mphika waukulu uja ndi mchenga. Anandiona ndikubwera, anayang'ana uku ndi uku, n'kunditsinzinira diso ngati tili pa chiwembu chimodzi.

"Musadandaule, alamu. Ine sindine chitsiru. Mawa kamarawo sindithiramo. Ndisinja nsomba zouma, amayi sazindikira. Mwana sakhudzidwa n'komwe."

Ndinatsala pang'ono kuwathokoza. Kenako ndinamvetsa chimene anali atanena.

"Ndiye satupa."

"Satupa, ndikulonjeza."

"Akapanda kutupa, ndine hule."

Anapitiriza kukwecha mphika.

"Alamu, inu mukudziwa," ndinatero. "Ku Cape Town simunkawafunsa anthu asanadye?"

"Tinkafunsa. Pa menyu tinkachita kulemba."

"Ndiye pitani mukawauze amayi zimenezo. Inu akumverani. Ndinu mwamuna, mwayenda."

"Mukudziwa zimene zikunenedwa pa Lizulu lero?" Anaponya mchenga pansi. "Ndadutsa m'mawa, anyamata a kabaza akufufumitsa masaya, akukuwa kuti, 'Bwana Jambalaya, tipatseniko wotupitsa uja!' Sindinatsegule n'komwe. Zaka zanga zonse za ku Cape Town zili pa chikwangwani chija. Dzina likangofa, palibe kudzukanso. Munthu sangadyetse mwana wake chakudya chimene anamva kuti chinatsala pang'ono kupha mwana wa eni ake."

"Nanga dzina langa?"

"Nkhani za tsempho zimazizira, alamu. Mupita kwanu miyezi ingapo, achimwene akabwera pa Khirisimasi ine ndidzawakhazika pansi, ndidzawafotokozera bwinobwino. Mudzabwerera."

"Miyezi imeneyo Chiso azidya kuti?"

"Kwa amayi, nanga kuti."

"Ndipo zotsala kulesitilanti muzitaya?"

Anatapanso mchenga wina.

"Muzibwera nazo kuno madzulo alionse," ndinatero, "ana azithamangira. Za kulesitilanti muzithira kamarawo weniweni, poti ndiye kukoma kwake. Amayi azimupatsa Chiso ndi mtima woyera, chifukwa adzakhala ataona ndi maso awo kuti sizitupitsa. Inu muli pa Lizulu, ine ndili ku Sharpevale. Adzathamange naye ndani?"

"Ndidzawauza kuti asamupatse."

"Mudzati chifukwa chiyani?"

Anatembenuza mphika n'kuyamba kukwecha kunsi kwake, kumene kunali kakuda ka mwaye basi.

Ndinamusambitsa Chiso dzuwa likulowa, ndi madzi ofunda, kuseri kwa nyumba yathu. Pantchafu panali kabala ka jakisoni. Mawu anali akadali osasa. Anandifunsa ngati mawa adyanso mpunga wofiira wa ankolo, chifukwa agogo amuuza kuti amupatsa wambiri. Ndinati tiona.

Ndikumupaka mafuta ndinayesa njira zonse, imodziimodzi. Ndikaulula kuti a Raphael akufuna kusintha, apongozi anga asinja okha tizirombo tija n'kuthira ndi dzanja lawo, ndipo ndidzayeretsedwa pamaso pa mudzi wonse mwana wanga akubanika pamkeka. Ndikakhala chete, mawa adya, aseka, ine ndinyamula chikwama ndekha. Ndikakana kuti asadye, kukanako ndi kuvomera. Ndikathawa naye, ndiye ndavomereratu, a Silvester sadzafunsanso kawiri, ndipo ankhoswe adzatsika phiri kudzafuna mwana wawo. Koma adzamupeza wamoyo, ndipo kuchigwa mayi anga anaona okha ulendo woyamba uja, anali nane pamene a kuchipatala ankandichenjeza.

Apongozi anga anabwera ndi kapu ya phala. Anakhala pa mwala, anamumwetsa okha, akuuzira supuni iliyonse. Atamaliza anamupukuta ndi nsonga ya chitenje chawo.

"Lero agone ndi ine," anatero.

Ndinamukokera Chiso pafupi nane. "Adokotala anati ndizimvetsera kapumidwe kake usiku, amayi. Mwina kutupa n'kubwerera. Inu mwatopa, simunagone dzulo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, koyamba tsiku lonselo.

"Lero lokha," anatero. "Kuyambira mawa azolowere kwanga."

Ananyamuka ndi kapu yawo. Ndinawaperekeza ndi maso mpaka analowa m'nyumba, ndinaonanso Edna akutsekera nkhuku, ndi a Raphael akupachika mphika pa thandala kuti uume. Galu wa pakhomo pano amandidziwa, sauwa ndikamadutsa. Njira ya kumunda wa mbatatesi imatulukira pamsewu kumtunda kwa msika, kopanda anyamata a kabaza, ndipo magalimoto a kabichi otsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti amadutsa nkhungu isanachoke. Chikwama sindinyamula, chingandichedwetse. Ndimubereka ali m'tulo, ndimufunditsa bulangete, ndipo pamene apongozi anga azidzuka kudzayatsa moto, ife tidzakhala tili pansi pa phiri.